Wotsekera Mzere

Bambo anga anasowa Loweruka loyamba la mwezi wa Novembala, ndipo chimene chinawatulutsa m'nyumba ndi sayirini.

Kwathu kuno aliyense amadziwa kuti Loweruka loyamba la mwezi, masana, sayirini ya pa denga la ozimitsa moto imalira pongoiyesa ngati ikadali moyo. Ngakhale agalu anasiya kuiuwa. Koma bambo anga, a Vinko, mutu unali utayamba kuwathawa. Ankaiwala kuti adya kale, ankafunsa za mayi amene tinawaika m'manda kalekale, ndipo masiku ena ankandiyang'ana ine, mwana wawo Zdenka, n'kundipatsa mpando ngati mlendo. Sayirini yokha ndi imene sanaiiwale. Ikangolira ankadzuka n'kuyamba kufunafuna nsapato zawo za m'nkhalango. N'chifukwa chake Loweruka lotero mayi Ruža, oyandikana nafe nyumba, ankabwera kudzakhala nawo pamene ine ndili pa galimoto kugawa buledi m'masitolo. Ankakweza wailesi, n'kuwaputa ndi nkhani za mpira mpaka sayirini itasiya.

Tsikulo mayi Ruža anakumbukira kuti asiya mkaka pamoto kwawo. Kungodutsa pa kachipata n'kubwerako, basi.

"Zdenka mwananga, bambo ako atuluka," anatero pa foni.

"Atuluka kupita kuti?"

"Ndikanadziwa bwenzi ndikukuimbira iwe?"

Ndinasiya mabanzi a eni pa khomo la sitolo n'kuthamangitsa galimoto. Nditafika sindinayang'ane kuchipinda kapena kudimba. Ndinayang'ana kuseri kwa chitseko. Nsapato panalibe. Chijasi chawo chakale chotuwa chija panalibe, ndipo msomali umene pankakhala chingwe unali wokhawokha. Ndinatukwana, Mulungu andikhululukire. Mayi Ruža anali atakhala pa mpando wa bambo, akudzimenya pa ntchafu n'kumatemberera mkaka.

"Kulira musiye, amayi," ndinatero. "Mukaphike nyemba zambiri. Anthu adzatuluka ndi njala."

Gulu lathu lopulumutsa anthu m'boma lino analiyambitsa ndi bambo omwewo, ndipo linayamba ndi maliro. M'nyengo yozizira ya 1976 mng'ono wawo Tihomir anaweruka ku fakitale yocheka matabwa n'kudzera njira ya m'phiri kukaona chibwenzi chake kutsidya. Sanafike. Mudzi wonse unalowa m'nkhalango kukamufuna, wina ndi belu la ng'ombe, wina ndi mfuti, wina akumenya poto, ndipo pafupifupi aliyense ali ndi kabotolo ka rakija, kachasu wa kwathu kuno, m'thumba koti kazimufunditsa. Ankakuwa onse nthawi imodzi, aliyense akulowera kumene mapazi amufunira. Atatopa anabwerera kwawo. Chipale chofewa, madzi oundana aja ogwa m'nyengo yozizira, chitasungunuka, odula mitengo anamupeza m'dzenje, pafupi penipeni ndi pamene chikhamu chija chinkadutsa. Mwendo unali wothyoka ndipo anali ataumanga yekha ndi lamba. Buledi amene ananyamula anali atamudya yense. Ndiye kuti anakhala moyo masiku, akumva anthu akutchula dzina lake pamwamba. Ayenera kuti anayankha mpaka mawu kutha, koma akanamumva ndani m'phokoso limene lija?

Atachoka kumanda, bambo anasonkhanitsa anzawo a ku fakitale, amuna ochepa oti akanakwana pa tebulo limodzi. Katundu wawo anali zingwe zokokera mitengo, chitseko chakale chonyamulirapo wovulala, ndi lipenga la alenje la amuna awo a mayi Ruža, amene pano ndi malemu. Malamulo anali awiri okha. Loyamba, m'nkhalango timayenda mzere umodzi chopingasa, aliyense akuona mnzake wa kumanja ndi wa kumanzere. Mtsogoleri akaimitsa mzere, munthu mmodzi yekha amaitana dzina, kenako aliyense amatseka pakamwa n'kutchera khutu. Wa mu mzere salankhula, satsokomola, sayankha ngakhale mnzake amuitane. Bambo anabwezapo wansembe kunyumba chifukwa chonong'ona pemphero.

Lachiwiri ndi la munthu wa kumapeto kwa mzere, amene timamutcha wotsekera. Iyeyo ndiye womaliza kutuluka m'nkhalango. Ntchito ikatha mtsogoleri ankaliza lipenga kawiri n'kufunsa kuti, "Wotsekera, tonse tilipo?" Wotsekera asanavomere, palibe wopita kwawo, palibe ngakhale wogwira supuni. Munthu akapezeka ali moyo, lipenga linkalira kamodzi, kokoka, mpaka woimbayo mpweya kumuthera.

Poyamba anthu ankawaseka, amati ndi gulu la osalankhula. Koma chaka chotsatira kamtsikana kena kanasowa kokafuna bowa, ndipo m'bata limenelo wina anamva kakusisima pansi pa thanthwe, mawu ochepa kuposa a mwana wa mphaka. Kamtsikanako ndi Vlatka, amene lero ndi namwino wa gulu lathu ndipo ali ndi zidzukulu. Kuyambira pamenepo kuseka kunatha.

Utsogoleri bambo anaukana moyo wawo wonse. Ankati kutsogolo n'kwa okonda kujambulidwa. Iwo anali wotsekera mpaka mawondo atawakana, ndipo malowo anagwera ine, poti kuuma mutu ndinatengera konko. Lero tili ndi majekete ofiira, magalimoto awiri, mawailesi a m'manja amene timawatcha maovaova, ndi kandege ka kamera kamene mphunzitsi wa masamu amakasamala kuposa mkazi wake. Tonse ndife odzipereka chabe, aphunzitsi, amakaniko, ogulitsa nyama, ndipo foni ikalira timasiya zonse. Tatulutsa m'maenje athuwa alenje oledzera, alendo okwera phiri atavala masilipasi, ndi ng'ombe imodzi yosayamika. Ena tawanyamula ali chete, zipewa zathu zili m'manja. Lipenga lija linapuma, linkakhala m'kabati ya galasi ku holo yathu, ndipo funso la wotsekera tinkalifunsa pa ovaova.

Mtsogoleri wathu tsopano ndi Dubravko, wogulitsa mankhwala, amene tinakhala naye desiki imodzi ku pulayimale. Amaimbanso lipenga mu bandi ya m'tauni, pa maukwati ndi pa maliro, nyimbo zake zomwezo. Ndi munthu wabwino, koma malamulo amawakonda ngati mmene mbuzi imakondera mchere. Nditamuimbira, anthu anasonkhana msanga kumapeto kwa msewu wa odula mitengo, chifukwa woyendetsa thirakitala wina anali ataona nkhalamba ya chijasi chotuwa ikulowera kumeneko, chingwe chili paphewa. Kumeneko ndi kumaenje kuja, kumene anatsalira Tihomir.

Dubravko anandikokera pambali.

"Zdenka, wachibale salowa mu mzere. Ukudziwa."

"Lamulo limenelo anapanga ndani?"

"Ndinapanga ine."

"Ndiye ulikulunge m'kapepala, uzimwa katatu pa tsiku. Ine ndikutsekera."

Anandiyang'ana, anaona kuti angotaya nthawi, n'kundipatsa ovaova.

Bura inali itayamba, mphepo yathu ija yogubuduza malole pamsewu. Kandege ka mphunzitsi kanakwera pang'ono n'kukakodwa mu mtengo, mwini wake n'kutsala akugwira mutu. Galu wa apolisi ananunkhiza pilo wa bambo, anathamanga, anazungulirazungulira, kenako anakhala pansi n'kutiyang'ana ngati wochita manyazi. Mphepo inali itamwaza fungo lonse. Zinatsala ndi mapazi ndi makutu, monga kale.

Tinalowa. Nthaka ya kumeneko ndi yachinyengo, masamba pamwamba, pansi pake miyala yong'aluka ndi maenje, ena ofika m'chiuno, ena oti ukaponya mwala sumva kugwa kwake. Ine ndinali kumapeto, mbali ya kuphompho, kumene mitengo ya paini yakugwa inasanjikizana. Dubravko ankakweza dzanja, mzere n'kuima.

"A Vinko!"

Kenako zii.

Bata limenelo ndakhala ndikulimvetsera zaka zambiri, pofuna ana a eni ndi amuna a eni, koma sindinkadziwa kuti limapweteka chonchi. Ndinkamva mphepo m'mitengo ndi mtima wanga m'makutu, basi. Ndinkafuna kukuwa kuti bambo, bambo, mpaka kukhosi kung'ambike. Ndinaluma kolala ya jekete. Mwana wa Vinko sangakhale woyamba kuswa lamulo la Vinko.

Tinasesa chigwa chonse, kupita ndi kubwerera. Dzenje lililonse tinkaunikamo tochi. Tinapeza chipewa chowola cha mlenje, botolo, ndi mafupa a gwape. Pena ndinaona chinthu chotuwa chitagona pansi pa chitsamba, ndinachithamangira, ndipo unali mwala. Ndinaumenya theche ngati wandilakwira. Dzuwa silinaoneke tsiku lonse, koma mmene kuwala kunkachepera tinadziwa kuti likupita. Chipale chinayamba kugwa, chosalala ngati ufa, chobwera chammbali. Kenako nthambi yaikulu inathyoka n'kugwera pamene Vlatka anali ataima kamphindi kapitako, ndipo Dubravko analamula kuti mzere utuluke.

Ku msewu mayi Ruža anali atafika ndi mphika wa nyemba za soseji, atauika kumbuyo kwa galimoto yanga ya buledi. Mkulu wa apolisi anali akulankhula ndi Dubravko. Ine ndinali ndikadali m'mitengo, monga wotsekera, koma mawu ankandipeza. Ankati mphepo ikukula, mitengo iyamba kugwa yathunthu, ndipo m'mawa kubwera magulu a m'maboma ena ndi agalu ambiri. Zonse zinali zoona. Choona china chimene palibe anachitchula n'chakuti nkhalamba yopitirira zaka makumi asanu ndi atatu, ya chijasi chodyedwa ndi njenjete, sifika m'mawa m'chisanu chotero. M'mawa tikanabwera kudzatola thupi, kapena kudikira chipale chisungunuke ngati kale lija.

Ovaova inalira pachifuwa panga. Mawu a Dubravko anali olemera.

"Wotsekera, tonse tilipo?"

Funso limeneli ndaliyankha kambirimbiri osaganiza n'komwe. Tsikulo sindikanatha kuvomera.

"Watsala mmodzi," ndinatero.

"Zdenka, usandivutitse. Ndikufunsa za a mu mzere."

"Inenso ndikunena za a mu mzere. Munthu wamva sayirini, wavala nsapato, watenga chingwe, walowa m'nkhalango. Ameneyo iwe ukumutcha chiyani?"

Ndinalankhula chifukwa cha ukali chabe, kuti ndimupweteke. Koma mawuwo atangotuluka ndinawamva ndekha, ndipo ndinazindikira kuti ndi oona. Ndinathamangira pa mtengo womaliza, osaponda msewu, n'kuwakodola onse.

"Opusa ndife," ndinatero. "Masana onse takhala tikuitana wosochera. Bambo sakudziwa kuti asochera. M'mutu mwawo ali mu mzere, akufuna Tihomir. Ife tikaitana n'kukhala chete, iwonso akukhala chete, akumvetsera. Tikhoza kuwadutsa pamutu mpaka mawa, sangatsokomole."

Wapolisi uja anapukusa mutu. "Mayi, munthu wovulala akamva dzina lake amayankha. N'chibadwa chimenecho."

"Simukumudziwa Vinko, bambo inu," anatero mayi Ruža, chipande chili m'manja. "Ameneyo anayenda theka la tsiku mu mzere chisonga chitamuboola phazi. Amuna anga anadziwira magazi pa chipale."

"Ndiye ayankha chiyani?" anafunsa Dubravko, koma m'maso mwake ndinaona kuti wadziwa kale.

"Funso lawo. Osati pa kawailesi aka. Lipenga kawiri, funso ndi pakamwa."

Dubravko anayang'ana nsonga za mitengo zikuwerama, anayang'ananso anthu ake, onyowa, otopa, ena milomo itachita kubiriwira. Ndinamumvera chisoni, ngakhale sindinamuuze.

"Ndikawalowetsanso, mtengo n'kugwera mmodzi, ndikanena chiyani kwa mkazi wake?"

"Sindikukakamiza munthu," ndinatero. "Ine ndekha sindikutuluka. Ukandifunsanso ndikuyankha zomwezo."

Anapukuta magalasi ake nthawi yaitali. Kenako anatembenukira kwa anthu.

"Mwamva nonse. Amene akufuna kupita kwawo apite, palibe adzamunene. Kunyumba kuli ana."

Palibe anasuntha. Vlatka anali akumanga kale lamba wa chisoti pansi pa chibwano. Mladen wogulitsa nyama, chimunthu chosalankhulalankhula, anali atagwira mbale ya nyemba. Anaiyang'ana mwachisoni n'kuibweza pa galimoto.

"Wotsekera sanavomere," anatero. "Tidya bwanji?"

Makaniko wathu anatsikira m'tauni kukatenga lipenga, akuyendetsa ngati wakuba. Kiyi ya kabati sanaipeze, ndiye anatsegula galasi ndi sipanala, ndipo mpaka lero sitinalibwezeretse. Ife tinadikira chiimire. Chipale chinkagwera mumphika wosavundikira. Ngakhale wapolisi uja, amene lamulo lathu silimukhudza, supuni yake anaiika m'thumba. Ine ndinakhala chigwirire mtengo wanga womaliza, ndikuyankhula ndi bambo mumtima. Ndinkati, mwandilera ndi nkhanza zanu za malamulo, lero muwasunge mpaka ndifike.

Tinalowanso kukuyamba kuchita chisisira, matochi ali pamphumi. Ulendo uno palibe anatchula dzina. Dubravko anapukuta lipenga pa jekete n'kuliika pakamwa. Koyamba linangotulutsa fumbi ndi kulira kwa mwana wa ng'ombe wodwala. Anatukwana, wogulitsa mankhwala waulemu uja, n'kuyesanso. Linalira kawiri, mawu okhuthala amene ndinkawamva ndili mwana, nditaima pa zenera ndi mayi kudikira ngati bambo abwere.

"Wotsekera, tonse tilipo?"

Mphepo yokha.

Tinayenda, tinaima, analiza, anafunsa. Tinayendanso. Kwinakwake kumanja mtengo unang'aluka n'kugwa, nthaka n'kunjenjemera, ndipo mzere unaima kamphindi n'kupitirira wokha popanda wouuza. Chikaiko chinayamba kundidya. Mwina ndinali nditalowetsa anthu pansi pa mitengo yakugwa chifukwa cha maloto a mwana amene sakufuna kuvomera. Mwina bambo anali atazizira kale. Ndinaganiza zimenezo n'kuzikankhira kumbali, poti kuganiza sikunatulutsepo munthu m'dzenje.

Tinafika pa mitengo yosanjikizana ija, mbali yanga. Lipenga kawiri. Funso. Mphepo inapuma pang'ono, ndipo penapake, osati kutsogolo kapena kumbuyo koma pansi, ndinamva kamawu kosasa.

"Watsala mmodzi."

Sindinakuwe, ndipo zimenezo ndimanyadira nazo mpaka lero. Ndinakweza dzanja, mzere wonse unauma, ndipo Dubravko anafunsanso kuti timve bwino kumene yankho likuchokera. Yankho linabwera, tsopano ndi ukali umene ndinakulira.

"Ndati watsala mmodzi. Ndinu ogontha?"

Anali pansi pa paini wamkulu wakugwa, mu mng'alu wa mwala umene nthambi zinauphimba. Masana ndinali nditakwera pa thunthu lomwelo n'kuunika mbali ina. Matope a nsapato yanga anali akadali pa khungwa. Chingwe chawo chinali chomangidwa ku muzu ndi mfundo yawo ija, yaudongo ngati ya mnyamata. Sanagweremo mwangozi. Anatsikiramo dala kukayang'ana, monga amachitira wotsekera pa dzenje lililonse lokayikitsa, ndipo manja anawakana ali m'njira.

Mladen anagwira chingwe, ndinatsika ine, ndipo Dubravko sanatchulenso za achibale.

Ndinawapeza atakhala tsonga, atatsamira mwala, chipale chili pa mapewa ndi m'nsidze. Phazi lamanzere linali litayang'ana kolakwika, ndipo anali atalimanga ndi lamba. Nditaona lamba ameneyo ndinakumbukira Tihomir. Ndinawafunditsa bulangete, ndinatenga manja awo, ozizira ngati chitsulo, n'kuwaika m'khwapa mwanga.

"Bambo."

Anandiyang'ana ndi maso aulemu aja opatsa mlendo mpando.

"Chotsani tochi kumaso kwanga, mayi. Ndipo muchepetse mawu, tikumvetsera."

"Tikutulutsani. Machira akutsika."

"Ine? Machira ndi a wosowayo. Ine ndine wotsekera, sindituluka munthu akadali m'nkhalango." Anasolola dzanja limodzi n'kugwira muzu umene unali pambali pawo. "Masana onse pamadutsa anthu pamwambapa. Amaitana bwino, amakhala chete bwino. Ophunzitsidwa amenewo. Koma sanamupeze."

Ndikanatha kuwakakamiza. Anali atapepuka moti ndikanawanyamula ndekha. Koma Vlatka, atagona chafufumimba pakamwa pa dzenje, ananong'ona kuti ndisayerekeze. Munthu wozizira chonchi akalimbana, mtima umaima. Ankayenera kulola okha, ndipo nthawi inali ikutha. Ndinayesa kumasula zala zawo pa muzu mofatsa, koma zinali zitagwira ngati ndowe.

Ndinagwada patsogolo pawo.

"A wotsekera, tamupeza."

Anandiyang'ana pakamwa.

"Mwamupeza?"

"Eya."

"Wamoyo?"

"Wamoyo. Wathyoka phazi, wazizidwa, ndipo ndi wamakani kwabasi. Koma wamoyo."

"Ndi wa kwa yani?"

"Ndi bambo anga."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anatulutsa dzanja linalo m'khwapa mwanga n'kundigwira paphewa, mmene ankagwirira achibale a anthu amene tawapeza.

"Mwachita mwayi, mayi," anatero. "Ife wathu tinachedwa naye."

Pamenepo ndinalira, sindibisa. Ndinalira ngati mwana, m'dzenje, mamina ali mbwee, chisoti chitapendekeka. Ndinalirira Tihomir amene sindinamuonepo, ndinalirira mayi, ndinalirira munthu uyu amene ankanditonthoza osandidziwa.

"Basi, basi," anatero akundisisita paphewa. "Nanga lipenga lalitali lija bwanji silikulira? Anthu adziwa bwanji?"

Ndinakweza mutu. "Dubravko, lalitali."

Analiza mpaka mpweya kumuthera, ndipo akuti nkhope inafiira ngati jekete lake. Ku msewu analimva, ndipo mayi Ruža anagwetsera chipande mumphika. Bambo anamvetsera mpaka mawu omaliza atazimirira m'mitengo. Kenako zala zawo zinasiya muzu zokha.

Kuwatulutsa m'dzenjemo kunali ntchito. Tinadula nthambi, tinamanga zingwe pa mitengo iwiri, ndipo anthu anakoka pang'onopang'ono, Vlatka akuwakalipira kuti asagwedeze machira. Bambo sanabuule ngakhale kamodzi. Anangodandaula kuti mfundo ya Mladen ndi yomangira soseji.

Mwa chizolowezi, wovulala amayenda patsogolo kuti afike msanga. Koma onyamula atangoyamba kudutsa anzawo, mawu anatuluka m'mabulangete.

"Wotsekera sayenda pakati."

Dubravko anayang'ana Vlatka. Vlatka anagwira mtsempha wa pakhosi pa bambo, anaganiza pang'ono, n'kuvomera ndi mutu. Mzere wonse unatsogola, matochi akugwedezeka pakati pa mitengo, ndipo ife tinatsala kumbuyo, onyamula anayi ndi ine ndikuyenda pambali, dzanja langa lili m'bulangete litagwira lawo.

Pa mtengo womaliza uja tinaima. Anthu onse anali atandandalika pa msewu, ambulansi ili kumbuyo kwawo chitseko chotsegula, oyendetsa akuyang'ana mawotchi. Dubravko anakweza lipenga n'kuliza kawiri.

"Wotsekera, tonse tilipo?"

Onse anayang'ana ine. Ine ndinatseka pakamwa.

Bambo anadzutsa mutu pa machira. Anayamba kumanzere, akuyang'ana tochi iliyonse, nkhope iliyonse, osafulumira, milomo ikugwedezeka. Mayina sankawadziwa, ndipo ambiri mwa anthuwo anabadwa gulu litayamba kale. Wa ambulansi wina anayamba kung'ung'udza, Mladen anangomuyang'ana, n'kusiya. Atafika kumapeto anatembenuza maso n'kuwerenga onyamula, kenako ine.

"Tonse tilipo," anatero.

Apo m'pamene ndinaponda msewu, ndipo machira anabwera pambuyo panga.